Wagula mutu wa sitima pa kompyuta, koma kodi ndi wako?



Lero tikambirane nkhani yooneka ngati yachibwana, koma ikukhudza matumba athu ndi mitima yathu. Pali gemu ina ya pa kompyuta yotchedwa Train Simulator Classic, yopangidwa ndi kampani ya Dovetail Games ya ku Chatham, ku England. Inayamba mu 2009, dzina lake nthawi imeneyo linali RailWorks. Mulibe mfuti, mulibe magazi, mulibe juga. Umangokhala m'mutu wa sitima yapamtunda n'kumayendetsa: kumasula mabuleki, kuyang'anira liwiro, kumvera magetsi a m'mbali mwa njanji, kuima pa siteshoni pa nthawi yake. Amene anakulira ku Nkaya, ku Liwonde kapena ku Nayuchi, n'kumaona sitima zamalasha zikudutsa pa ulendo wa ku Nacala, sangadabwe kuti munthu wamkulu ndi ndevu zake angakonde zimenezi.

Nkhani yagona pa kagulidwe. Gemuyi ukaigula imabwera ndi njanji zowerengeka komanso mitu ya sitima ingapo basi. Zotsalazo umagula padera pa Steam, chimodzichimodzi, ndipo amazitcha DLC. Ukufuna Flying Scotsman, sitima yoyendera malasha ija ya mu 1923, ulipire. Ukufuna Big Boy ya Union Pacific ya ku America, ulipire. Ukufuna ICE ya ku Germany, ulipirenso. Nthawi zambiri mutu umene wagulawo umabwera ndi maulendo oti sangayende pokhapokha utagulanso njanji yake. DLC zake zilipo mazanamazana, moti wina atati agule zonse akhoza kumwaza madola a ku America masauzande angapo.

Mwina mukuti, ine zamasitimazo sizindikhudza. Dikirani kaye. Amene amagula ma coin a eFootball, kapena zovala za PUBG ndi Free Fire pa foni, ali m'ngolo yomweyi. Ndiye mafunso amene ndifunse apawa ndi athu tonse.

Loyamba: kodi kugula zimenezi ndi israf?

Chisilamu sichinaletse kupuma ndi kusangalala. Mtumiki wathu Muhammad, Swalla Allahu alaihi wasallam, anachitapo mpikisano wothamanga ndi mayi Aisha, Radhiya Allahu anha, ndipo anawalolanso kuonerera anyamata a ku Habasha akusewera ndi mikondo mumzikiti. Gemu yopanda juga, yopanda zamaliseche, yosakuchedwetsa Swala, ine sindingaithamangire kuitcha haraam. Fatwa ndi ntchito ya ma Sheikh athu. Koma chinthu chikhoza kukhala chololedwa, kagulidwe kake n'kukhala kopyola muyeso. Israf ndi imeneyo: kupyola muyeso ngakhale pa chinthu cha halaal. Onani Surah Al-A'raf ndime 31, Surah Al-Israa ndime 26 ndi 27, komanso Surah Al-Furqan ndime 67 pomwe akapolo abwino a Allah akufotokozedwa kuti amakhala pakatikati, osamwaza komanso osaumira.

Muyesowo suli pa mtengo wolembedwa pa Steam. Madola 15 kwa m'bale amene akugwira ntchito yabwino ku Birmingham ndi ndalama yaing'ono. Madola 15 omwewo kwa wophunzira amene akudalira makolo olima fodya kapena ogulitsa usipa pamsika ndi ndiwo za masiku ambiri. Chinthu chimodzi chomwecho, kwa wina ndi mpumulo, kwa wina ndi kulanda chakudya pakamwa pa mng'ono wake. Choncho usafunse kuti chikugulitsidwa bwanji, funsa kuti ndalamayi ikuchoka pati.

Palinso muyeso wina wosavuta. Steam imaonetsa maola amene wathera pa gemu. Dzifunse wekha: pa mitu ya sitima imene ndinagula, ndi ingati imene ndayendetsa koposa kawiri? Amene wagula mutu umodzi n'kuuphunzira miyezi itatu, n'kudziwa kusiyana kwa mabuleki ake ndi a mutu wina, wapindula ndi ndalama yake. Koma pali wina amene amangodikira sale. Mitengo ikatsika amagula itatu nthawi imodzi, imene dzulo sankaifuna n'komwe, kenako n'kumati ndasunga ndalama. Wasunga chiyani, mesa ndalama yatuluka? Munthu wotereyu kukoma amakumva pamene akudina batani logulira, osati pamene akuyendetsa sitima. Akamaliza kugula, mtima wayamba kale kuyang'ana china. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Matenda amenewa ali ndi Surah yakeyake, At-Takathur: kutangwanika ndi kuchulukitsa zinthu. Kale anthu ankachulukitsa ngamira ndi ana, ife tikuchulukitsa mafayilo, koma nafsi ndi yomweyo.

Wina anganene kuti, ndalama ndi zanga, ndazipeza mwa halaal, ndiye vuto lili pati? Ndi zoona kuti sunabe. Koma Hadith imene ili m'buku la Imam Tirmidhi ikutiphunzitsa kuti pa tsiku la Qiyama chuma chidzakhala ndi mafunso awiri, la komwe chinachokera ndi la komwe chinapita. Kupambana funso loyamba sikukuchotsera lachiwiri.

Funso lachiwiri ndi limene lili pamutu wa nkhaniyi: chimene wagulacho ndi chakodi?

Ukagula njinga kwa Chisale pamsika, ndi yako. Ukhoza kuigulitsa, kuibwereketsa, kuipereka sadaka, ndipo ukamwalira ilowa m'chuma chamasiye n'kugawidwa motsatira Surah An-Nisaa. Mutu wa sitima wa pa Steam suli choncho. Mgwirizano umene timangodina "Agree" osawerenga uja umanena kuti chimene wapatsidwa ndi chilolezo chogwiritsa ntchito. Mu 2024 boma la California linakhazikitsa lamulo lokakamiza ogulitsa zinthu za pa intaneti kunena zimenezi poyera, ndipo chaka chomwecho Steam inayamba kulemba uthengawu pamalo olipirira. Sungagulitse DLC imene watopa nayo. Akaunti yeniyeniyo malamulo awo salola kuisamutsira kwa munthu wina. Ndipo magemu ena amatha kufa ndithu: pa 31 March 2024 kampani ya Ubisoft inatseka ma server a gemu yamagalimoto ya The Crew, ndipo anthu amene anailipira sanathenso kuisewera.

Mwa ichi muli zoti tiphunzire ziwiri. Choyamba ndi cha malonda. Shariya imafuna kuti wogula adziwe bwino chimene akugula, ndipo chimene tikuchita pa Steam chikufanana kwambiri ndi kubwereka kolipira kusiyana ndi kugula njinga. Ukadziwa zimenezi umawerengera ndalama yako mosiyana. Palibe amene amathira matailosi okwera mtengo m'nyumba ya lendi.

Chachiwiri ndi cha mtima. Timakwiya tikamva kuti chimene tinalipira si chathu. Koma kodi n'chiyani chimene chili chathu mpaka kalekale? Thupi, nthawi, maso amene tikuwerengera uthengawu, zonse ndi amana yochokera kwa Allah Subhanahu wa Ta'ala, ndipo tsiku lobweza silikudziwika. Kusiyana kwake n'kwakuti kampani imakupatsa chilolezo kuti ipeze phindu, pomwe Allah watipatsa zonsezi osatilipiritsa, ndipo safuna kanthu kwa ife kuti alemere. Ngati tikudandaula ndi mawu ang'onoang'ono a mgwirizano wa Steam amene sitinawerenge, bwanji za Buku limene lili pa shelefu kunyumba, limene likufotokoza za amana yaikuluyo?

Apa pali msampha umene tiyenera kuutchula dzina. Wina amati, popeza kugulako si kugula kwenikweni, basi ndingopanga download ya crack, ndipo madola kuno ndi osowa. Kusowa kwa madola ndi kwenikweni, palibe akutsutsa. Koma kumbuyo kwa mutu wa sitima uliwonse kuli anthu amene anajambula, kuyeza, kukatapa kulira kwa injini yeniyeni, miyezi ndi miyezi, ndipo ena mwa iwo ndi timagulu ta anthu ochepa chabe. Bungwe la ma Ulama a Fiqh la mayiko a Chisilamu, International Islamic Fiqh Academy, pa msonkhano wake wa ku Kuwait mu 1988 linagamula kuti ufulu wa wolemba ndi wopanga chinthu ndi wotetezedwa mu Shariya. Ndiponso gemu si mankhwala, si chakudya, sungati ndinakakamizika. Ngati thumba silikulola, pali Open Rails, pulogalamu yamasitima yaulere imene eni ake anailoleza kwa aliyense. Kapena ingodekha. Kusakhala ndi Big Boy sikunaphepo munthu.

Funso lachitatu ndi la backup, ndipo kwa ine ndi limene lili lolemera kuposa onse.

Taonani chodabwitsa. Mitu ya sitima imene wagula pa Steam, kompyuta ikafa ukhoza kuitenganso, ungoluza bandulo. Chimene sichingabwerere ndi chimene unapanga wekha: njanji imene wakhala ukuyala miyezi isanu ndi umodzi, maulendo amene unakonza, utoto umene unasintha pa mabogi. Mu Train Simulator Classic zimenezi zimakhala m'mafoda awiri, Content ndi Assets, mkati mwa foda ya RailWorks. Ndipo ukauza Steam kuti iunike mafayilo a gemu, imabwezeretsa oyambirira pamalo pa amene iwe unasintha. Ndiye cholipira ndalama chija chili ndi wochisunga, koma cha thukuta lako wochisunga ndi iwe wekha. Ambirife timasamala choyambacho n'kutayirira chachiwiri.

Akatswiri a makompyuta ali ndi lamulo lawo lotchedwa 3-2-1: fayilo yofunika ikhale ndi makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi nyumba yako. Mwachitsanzo pa laputopu, pa flash kapena hard drive yapadera, ndi pa Google Drive, yomwe imapereka 15 GB ulere. Flash yosungidwa m'chikwama chimodzi ndi laputopu si backup, chifukwa wakuba amanyamula chikwama chonse. Ndipo kope limene sunayesepo kulitsegula usalikhulupirire. Kuno kwathu, komwe magetsi amathima ndi kuyaka mosachenjeza, izi si zamwanaalirenji. Chakudza sichiimba ng'oma.

Kodi kuchita zimenezi si kuchepa kwa tawakkul? Mesa zonse ndi Qadar? Tonse tikuikumbukira kuchokera ku madrasa nkhani ya munthu amene anafunsa za ngamira yake, ngati aimange kapena aisiye n'kuyedzamira kwa Allah, ndipo Mtumiki, Swalla Allahu alaihi wasallam, anamulangiza kuchita zonse ziwiri. Koma pali chitsanzo china chachikulu, ndipo ndikuchitchula mwaulemu, osati kufanizira Mawu a Allah ndi mafayilo a gemu. Mu Surah Al-Hijr ndime 9 Allah analonjeza yekha kuti adzaisunga Qur'an. Komabe ma Hafiz ambiri ataphedwa pa nkhondo ya Yamama, Umar anapita kwa Abu Bakr kukamulimbikitsa kuti Qur'an isonkhanitsidwe, ndipo ntchitoyo inapatsidwa kwa Zaid bin Thabit, Radhiya Allahu anhum. Masambawo anasungidwa kwa Abu Bakr, kenako kwa Umar, kenako kwa mayi Hafsa. M'nthawi ya Uthman anakopera ma Mus'haf angapo n'kuwatumiza kumizinda yosiyanasiyana. Maswahaba ankadziwa lonjezo la Allah kuposa ife, koma sanapinde manja. Anamvetsa kuti khama lawo ndi njira imodzi imene lonjezolo likukwaniritsidwira. Choncho amene sasunga kope la ntchito yake n'kumati Allah adziwa, asaupatse ulesi wake dzina la tawakkul. Tawakkul imayamba pamene wachita mbali yako, ndipo phindu lake limaoneka tsiku limene zonse zatayika ngakhale unasamala: umati Alhamdulillah, mtima osasweka.

Tsopano tichoke pa masitima. M'malaputopu ndi m'mafoni athu muli zinthu zimene si zathu tokha: project ya gulu la m'kalasi, kaundula wa zopereka za kumzikiti, maina a ana amasiye amene bungwe likuthandiza, mawu a agogo amene tinawatapa asanamwalire. Imeneyi ndi amana, ndipo kuitaya chifukwa cha mphwayi ndi kulakwira anthu amene anatikhulupirira. Komanso mbali inayo tisaiiwale. Pali mafayilo ena oti sayenera backup, ayenera delete lero lomwe: zithunzi zimene sitingafune kuti mayi athu azione, ma screenshot a chinsinsi cha mnzathu amene tikuwasungira tsiku lodzakangana. Munthu amadziwika ndi zimene wasankha kusunga. Ndipo kaundula wa angelo olemba aja safuna flash, sagwidwa virus. Chimene chimafafaniza zoipa mmenemo ndi tawba yoona ndi kubweza za eni ake.

Pempho langa sabata ino ndi laling'ono. Musanagule DLC, coin kapena skin ina, dikirani masiku atatu, muone ngati mtima ukuifunabe. Ndipo lero, Isha ikatha, tengani mphindi 20 mukopere mafayilo amene mungalire nawo atatayika, kuyambira ndi a anthu ena amene ali m'manja mwanu.

Allah atipatse barka m'chuma chathu ndi m'nthawi yathu, atiteteze ku israf, ndipo atipange kukhala osunga amana. Ameen.

Wassalaam alaikum warahmatullahi wabarakaatuh.