Ntchito Anailandira, Dzina Anamumana

Mlatho susankha woumanga. Chitsulo chikasenzetsedwa katundu woposa mphamvu zake chimapindika, kaya masamu ake anawerengera mwamuna kaya mkazi. Anthu ndiwo amasankha. Kodi tsono n'chilungamo kulandira ntchito ya munthu koma n'kumumana dzina la ntchitoyo?

Funsoli limaoneka bwino m'mbiri ya mlatho wa Brooklyn, mumzinda wa New York ku America. John Roebling, yemwe anakonza mapulani ake, anamwalira m'chaka cha 1869, ndipo udindo wotsogolera ntchito unagwera mwana wake, Washington. Pofuna kukhazika maziko pansi pa mtsinje wa East River, amisiri ankakumba ali m'mabokosi akuluakulu opoperamo mpweya wamphamvu kuti madzi asalowe. Munthu akatulukamo mofulumira ankadwala. Pofika 1872, matendawa anali atamufooketsa Washington kotero kuti sankathanso kufika pamalo a ntchito.

Mkazi wake, Emily, ndiye anakhala miyendo ndi pakamwa pake. Poyamba ankangopititsa malangizo kwa mainjiniya othandiza. Koma mthenga wa masamu sangayankhe akafunsidwa ngati masamuwo sakuwadziwa. Choncho Emily anaphunzira za kulimba kwa zitsulo ndi kalukidwe ka zingwe zonyamula mlatho, ndipo kwa zaka zoposa khumi ankakambirana ndi amisiri, ogulitsa zipangizo ndi akuluakulu a mzinda. Ntchito itatha mu 1883, iye ndiye anayamba kuwoloka pa ngolo yokokedwa ndi kavalo, atanyamula tambala monga chizindikiro cha kupambana. M'mabuku, injiniya wamkulu anali mwamuna wake.

Ena anganene kuti Emily analibe digiri, ndipo dzina la uinjiniya siliperekedwa ngati mphatso, popeza miyoyo ya owoloka imadalira pamenepo. Mfundo imeneyi ndi yomveka ndipo siyenera kunyozedwa. Komatu imayesedwa pamene mkazi wabwera ndi digiriyo m'manja.

Nora Stanton Blatch anabwera nayo. Anamaliza maphunziro a uinjiniya wa zomangamanga pa yunivesite ya Cornell mu 1905, nagwira ntchito kukampani yomanga milatho ya American Bridge Company. Bungwe la mainjiniya la American Society of Civil Engineers linamulandira pa gawo la achinyamata, lomwe linali ndi malire a zaka zakubadwa. Atakula, anapempha kukwera pa gawo la akuluakulu, koma anamukana. Anakasuma kukhoti ndipo mlandu sunamukomere. Apa chonamizira cha maphunziro chinali chitatha. Chimene chinatsala chinali chakuti wopemphayo ndi mkazi. Chodabwitsa n'chakuti anthu amene ankayesa chitsulo chilichonse asanachikane sanaone chifukwa choyesera munthu chimodzimodzi.

Bungwe lomwelo linadzamupatsa Nora ulemu wapamwamba wa umembala m'chaka cha 2015. Mwini wake anali atamwalira mu 1971.