Pamene Kaisara Aloleza Chamba, Kodi Mkristu Ayenera Kuchitanji?

TAYEREKEZERANI kuti mukuona mnyamata Wachikristu wa ku Glen View, mu Harare, amene agogo ake anachokera ku Malaŵi. Iye amakhoma mipando pamsika wa ku Area 8. Ngati apolisi atampeza ndi ndudu imodzi ya chamba, chimene Ashona amachitcha mbanje, angamgwire ndi kumka naye kubwalo lamilandu. Komabe, atakwera basi ndi kuwoloka mtsinje wa Limpopo pa Beitbridge, iye angafike m'dziko limene munthu wamkulu amasuta chamba m'nyumba mwake popanda kuimbidwa mlandu. Mnyamatayo ngyemweyo, ndipo tsambalo nlomwelo. Kodi chimene chinali choipa kumpoto kwa mtsinjewo chimasanduka chabwino kummwera kwake?

Malamulo Amene Akusintha

Pangano la Mitundu Yogwirizana la mu 1961 linaika chamba pampambo wa anamgoneka angozi koposa. Koma mu December 2020, maiko 27 anavomereza kuchichotsa pampambo umenewo, pamene 25 anakana. Ngakhale kuti panganolo likali kuyang'anira chamba, chosankhacho chinasonyeza kuti malingaliro a olamulira anali atagaŵanika.

Kummwera kwa Afirika kuno, Lesotho anayamba kupereka zilolezo zolima chamba cha mankhwala mu 2017. Zimbabwe anatsatira mu April 2018, ndipo nyumba ya malamulo ya ku Malaŵi inavomereza lamulo lofananalo mu February 2020. M'maiko aŵiri omalizirawa, ololedwa kulima ndi okhawo okhala ndi chilolezo, ndipo kusuta chamba kaamba ka chikondwerero kukali mlandu. South Africa anatenga njira ina. Mu September 2018, bwalo lake lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti munthu wamkulu sayenera kulangidwa chifukwa cha kulima kapena kusuta chamba pamalo akeake.

Pamene Kaisara Aletsa

Mu Glen View nkhaniyo njosavuta kumva. Yesu anaphunzitsa otsatira ake kupatsa Kaisara, ndiko kuti boma, zimene zili zake. (Marko 12:17) Mtumwi Paulo anafotokoza kuti Akristu amagonjera olamulira osati kokha chifukwa cha kuwopa chilango komanso kaamba ka chikumbumtima. (Aroma 13:1-5) Chotero Mkristu samabzala chamba kuseri kwa nyumba, samasungira mnansi phukusi, ndipo samavomera kunyamula thumba lokayikitsa pochokera kumudzi kudzera ku Mwanza, Tete, ndi Nyamapanda, ngakhale atalonjezedwa ndalama zokwanira lendi ya miyezi yambiri.

Komabe, wina angatsutse kuti: ‘Mu 2018 chilolezo cha ku Zimbabwe chinali kugulidwa ndi madola a ku America 50,000. Kodi nchilungamo kuti kampani yolemera ilime munda wathunthu pamene wosauka akumangidwa chifukwa cha mitengo iŵiri?’ Dandaulo limenelo nlomveka. Koma kodi malamulo a Aroma m'nthaŵi ya Paulo anali opanda tsankhu? Kutalitali! Akapolo ndi osauka analibe zoyenera zimene nzika zinali nazo. Ngakhale zinali choncho, Akristu oyambirira anali kukana lamulo la anthu kokha pamene linawakakamiza kuswa lamulo la Mulungu. (Machitidwe 5:29) Palibe lamulo la Mulungu limene munthu amaswa mwa kupeŵa chamba.

Pamene Kaisara Aloleza

Bwanji ngati mnyamata uja wapeza ntchito ku Johannesburg, kumene palibe wapolisi amene angagogode pachitseko chake? Pamenepo mpamene cholinga chake chenicheni chimaonekera. Ngati anali kupeŵa chamba chifukwa cha kuwopa ndende chabe, chifukwa chakecho chinatsala pamlatho wa Beitbridge.

Tiyenera kukumbukira kuti lamulo la boma limangotchula zimene olamulira asankha kulanga. Maboma ambiri samalanga munthu woledzera m'nyumba mwake, wonyoza makolo ake, kapena wonama kwa mkazi wake. Kodi zimenezo zimapangitsa machitidwe otero kukhala oyera? Paulo anakumbutsa Akorinto kuti chinthu chingakhale chololedwa koma chosapindulitsa, ndipo iye mwiniyo sanafune kukhala kapolo wa kanthu kalikonse. (1 Akorinto 6:12)

Talingalirani zimene chamba chimachita. Msanganizo wake wotchedwa THC umafika kuubongo m'mphindi zochepa munthu atakoka utsi. Umafooketsa chikumbukiro, umachedwetsa thupi kulabadira ngozi, ndipo umadodometsa luntha la kusankha bwino. Ofufuza apeza kuti pafupifupi munthu 1 mwa 10 alionse osuta chamba amakhala womwerekera, ndipo ngoziyo njokulirapo kwa awo oyamba akali achichepere. Kodi kalipentala angafune kugwira macheka amagetsi ali mumkhalidwe wotero? Nanga Mkristu, amene akulamulidwa kukonda Mulungu ndi nzeru zake zonse ndi kusunga thupi lake losadetsedwa, angapereke motani maganizo ake ku utsi mwadala? (Marko 12:30, 2 Akorinto 7:1)

Ena amati popeza Mulungu ndiye analenga zomera zonse, chamba chiyenera kukhala mphatso yake. Zoonadi, iye anazilenga. Koma analenganso mtengo wa mwavi, ndipo makolo athu ambiri anafa nawo. Kulengedwa kwa chinthu sikumalungamitsa njira iliyonse yochigwiritsirira ntchito.

Bwanji Ponena za Mankhwala ndi Ntchito?

Pano mpofunika kusamala kuti tisaike malamulo amene Baibulo silinaike. Malemba samatsutsa kuchiritsa. Paulo analangiza Timoteo kumwa vinyo pang'ono kaamba ka m'mimba mwake, ngakhale kuti anatsutsa uchidakwa. (1 Timoteo 5:23) Mu 2018, boma la United States linavomereza mankhwala otchedwa Epidiolex, opangidwa ndi msanganizo wosaledzeretsa wa chamba, kaamba ka mitundu ina yowopsa ya khunyu. Ngati dokotala walembera wodwala mankhwala otero mogwirizana ndi lamulo, wodwalayo kapena makolo ake ndiwo ayenera kusankha, ndipo ena sayenera kuwaweruza.

Mofananamo, Mkristu wosoŵa ntchito angaitanidwe kukagwira ntchito pafamu yokhala ndi chilolezo. Iye angachite bwino kudzifunsa kuti: ‘Kodi zokololazo zimapitadi kumankhwala kapena kumafakitale? Kodi ndidzakhala pachiyeso tsiku ndi tsiku? Kodi achichepere mumpingo, pomva fungo pazovala zanga, adzalingalira chiyani?’ Akristu aŵiri oona mtima angafike pazosankha zosiyana, ndipo aliyense adzadziyankhira yekha kwa Mulungu. (Aroma 14:12)

Malamulo onena za chamba asintha kwambiri chiyambire 2017, ndipo mwinamwake adzasinthanso. Makolo amene anaphunzitsa ana awo kuti chamba nchoipa kokha chifukwa chakuti apolisi amagwira adzasoŵa chonena tsiku limene apolisi adzaleka kugwira. Chotero, kaya tikukhala ku Glen View, ku Nkhotakota, kapena ku Johannesburg, tiyeni tiphunzitse chikumbumtima chathu ndi cha ana athu mwa Mawu a Mulungu. Tikatero, mnyamata amene akwera basi ya ku Beitbridge adzatenga zifukwa zake zonse ndi kuwoloka nazo mtsinje.