M'mera Mpoyamba

Makolo ponena kuti m'mera mpoyamba ankaona chimanga m'munda, koma mwambiwu umakhudzanso lilime la mwana. Ana ambiri amatchula mawu oyamba akamakwanitsa miyezi 12, ndipo pofika miyezi 24 amayamba kulumikiza mawu awiri. Apa mpamene buku la zithunzi limafunika.

M'buku la Maurice Sendak la mu 1963, Where the Wild Things Are, kamnyamata kotchedwa Max kakutumizidwa kukagona kasanadye chifukwa chopulupudza. Mayi powerengera mwana wake bukuli akaloza nkhope ya Max n'kufunsa kuti, "Wakwiyiranji ameneyu?" mwana amapeza dzina la chimene chimamutentha mumtima. Amene waphunzira kunena kuti "ndakwiya" safulumira kuluma mnzake.

Zimandiwawa kuti mabuku otere ndi ochepa m'Chichewa. African Storybook, ya bungwe la Saide ku South Africa, ili nawo ena aulere pa intaneti.