Maere pa bedi la wodwala

Kafukufuku wa AMBITION anatenga anthu 844 odwala cryptococcal meningitis, matenda oumitsa khosi aja amene amagwira munthu HIV ikamufooketsa kwambiri. Anachitikira m'zipatala za ku Botswana, South Africa, Uganda, Zimbabwe ndi kuno kwathu, ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2022 mu New England Journal of Medicine. Theka la odwalawo linalandira chithandizo chimene chinalipo kale: diripi yachikasu ya amphotericin B tsiku ndi tsiku kwa masiku 7, pamodzi ndi mapiritsi. Mankhwalawa ndi amphamvu, koma amavulaza impso ndi kuchepetsa magazi. Theka linalo linalandira diripi imodzi yokha ya amphotericin wa mtundu wa liposomal, mlingo waukulu, ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14. Pofika masabata 10, m'gulu la diripi imodzi munamwalira anthu 24.8 pa 100 alionse, m'gulu linalo 28.7. Chaka chomwecho bungwe la WHO linasintha malangizo ake.

Ine ndine mkulu wa mpingo, ndimayendera odwala m'mawodi, ndipo chimene chandisowetsa tulo ndi mmene munthu ankagwera m'gulu ili kapena lija. Dokotala sankasankha. Kompyuta inkachita maere.

Odwala matendawa ndawaona. Mutu umawawa mpaka bambo wamkulu kulira ngati khanda, ena amabalalika maganizo osazindikira ndi mkazi wawo yemwe. Gadiyani wakhala pansi pambali pa bedi, chitenje m'chiuno, akuopa kale zoti adokotala akufuna kupopa madzi a kumsana, chifukwa kumudzi anamva kuti amene wapopedwa sabwerera. Ndiye munthu woteroyo mumuuze kuti mankhwala a mwamuna wake asankhidwa mwa maere! Mnzanga wina wa mumpingo anati kumeneku n'kutchova njuga ndi moyo wa munthu, ndipo sindinamuseke.

Maere m'Baibulo alimo. Asilikali anachita maere pa zovala za Yesu. Atumwi nawo anachita maere pakati pa Yosefe Barsaba ndi Matiya pofuna wolowa m'malo mwa Yudasi, ndipo anagwera Matiya. Koma atumwiwo ankakhulupirira kuti Mulungu akudziwa woyenera, maere angoulula. Maere a ofufuza saulula kanthu za wodwala wa pa bedi ili. Ntchito yake ndi kuchotsapo dzanja la dokotala. Dokotala ndi munthu: akamakonda mankhwala atsopano, mtima umamukokera kuwapereka kwa wodwala amene akuoneka kuti apulumuka, iye osazindikira n'komwe kuti akukondera. Pamapeto mankhwalawo amatamandidwa pa ntchito imene sanagwire, ndipo anthu masauzande amadzamwa bodza limenelo.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi mnzangayo. Kafukufukuyu asanachitike, panalibe dokotala ku Blantyre kapena ku London amene ankadziwadi ngati diripi imodzi ingakwanire. Amene akanati "ndikudziwa" ndiye akanakhala wanjuga, poti akanabetcha moyo wa wodwala pa maganizo ake okha. Kunena pamaso pa gadiyani kuti "mayi, njira ziwirizi sitikudziwa yoposa inzake" ndi kudzichepetsa kumene ngakhale ife a pa guwa timakulephera. Timafulumira kuuza ofedwa chifukwa chake Mulungu walola. Maerewo ndi olungama pokhapo pamene kusadziwako kuli koona. Tsiku limene umboni wapendekera mbali imodzi, kupitiriza maere ndi tchimo, ndipo n'chifukwa chake kafukufuku wotere amakhala ndi komiti yapadera yoona manambala ali m'kati, imene ingalangize kuti aimitsidwe.

Chotsala chimene sindinachimeze ndi chakuti yankho linapezeka ndi la gulu, pomwe imfa inali ya mmodzimmodzi. Mayi amene mwamuna wake anafera m'gulu la masiku 7 sangadziwe ngati diripi imodzi ikanamupulumutsa, ndipo ofufuzawo sangamuuze, poti ngakhale m'gulu la diripi imodziyo munthu mmodzi mwa anayi anamwalirabe. Opindula ndi odwala amene akugonekedwa lero, amene sadzamva n'komwe dzina la mwamunayo. Mayiyo ndikanati ndikumane naye, sindikanamuuza kuti chinali chifuniro cha Mulungu. Ndikanamuuza kuti chala chimene anadinda pa pepala lovomereza kafukufukuyo chinawerengedwa, kenako n'kumufunsa za ana.