Eli Ankadziwa

Samuele atangoleka kuyamwa, mayi wake Hana anapita naye ku Silo n'kukamusiya m'manja mwa wansembe Eli. Anabwerera kwawo wopanda mwana kumsana, ndipo ankamuona kamodzi pa chaka, pokamupatsa kamkanjo kamene ankamusokera. Mtima wake unali m'malo chifukwa mwanayo anali m'nyumba ya Mulungu. Kholo lililonse limene limaperekeza mwana ku Tilitonse, ku kwaya kapena ku gulu la otumikira pa Misa limachita zomwe anachita Hana.

Koma Buku loyamba la Samuele, mutu 2, silibisa za nyumba imene mwanayo anasiyidwamo. Ana a Eli, Hofeni ndi Finehasi, anali ansembe. Ankalanda nyama ya nsembe mwaukali, ndipo ankagona ndi akazi otumikira pa khomo la chihema chopatulika. Mbiri yawo inali ponseponse, mpaka inamufika Eli. Mkuluyo anawaitana, anawadzudzula ndi mawu ofatsa, nkhani n'kuthera pomwepo. M'mawa mwake anyamatawo anali paguwa monga mwa masiku onse. Pa mutu 3, Mulungu poweruza banja la Eli akutchula mlandu wa Eli mwini wake: ankadziwa zimene ana ake ankachita, osawaletsa. Eli sanagwire mkazi aliyense, sanabe nyama. Anangosiya zinthu momwe zinalili.

Mpingo wa Katolika uli ndi Silo wakewake, ndipo Akhristu sapindula kanthu pomunamizira kuti kulibe. Mu 1941, ku Mexico, Marcial Maciel anayambitsa chipani cha ansembe chotchedwa Legionaries of Christ. Chipanicho chinakula msanga, chinatsegula maseminale ndi masukulu m'maiko ambiri, ndipo anyamata ankalowamo mwaunyinji pa nthawi imene zipani zina zinkasowa anthu. Makolo opemphera ankapereka ana awo mokondwa. Anthu ake ankamutchula kuti “Bambo Wathu”, ndipo ku Roma komwe ankamulandira mwaulemu.

Madandaulo anayamba kalekale. Mu 1956 anamuimitsa kaye pa udindo kuti amufufuze, koma pofika 1959 anali atabwerera pampando. Chimene chinamuteteza kwambiri chinali lumbiro lapadera limene mamembala a chipanicho ankachita: kusadzudzula mkulu wawo, ndi kukanena aliyense amene wamveka akudzudzula. Motero mnyamata wochitidwa zoipa ankaona ngati kuulula ndiye tchimo. Mu 1997 amuna angapo amene anakulira m'manja mwake, ena atamera kale imvi, anaulula poyera kuti anawagwirira ali ana m'seminale, ndipo mu 1998 anakapereka dandaulo ku Vatican. Ambiri anawatcha abodza ndi adani a Mpingo. Mpaka mu 2006 ndi pamene Papa Benedikito XVI anamulamula kuti asiye utumiki wonse wapoyera, akakhale moyo wa mapemphero ndi kulapa. Anamwalira mu 2008 asanaimepo pabwalo la milandu. Mu Disembala 2019 chipani chake chomwe chinavomera kuti ansembe ake 33 anachitira nkhanza zotere ana 175 kuyambira 1941, ndipo ana osachepera 60 mwa iwowa anawawononga ndi Maciel yemweyo.

Kuchokera 1956 kufika 2006 ndi zaka 50. Munthu mmodzi sangabise chinthu zaka zonsezo payekha. Panali a Eli ambiri: amene anamva mphekesera n'kunena kuti si zawo, amene analandira kalata n'kuiika pansi pa mafayilo, amene ankaopa kuti dzina la Mpingo lidetsedwa. Ambiri mwa iwo ayenera kuti ankadziona ngati akutumikira Mulungu, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imaopsa. Dzina limene ankalitetezalo linadetsedwabe, moposa, ndipo ana amene akanapulumuka sanapulumuke.

Wogwirira mwana atavala mkanjo amaba zinthu ziwiri nthawi imodzi. Amawononga thupi ndi maganizo a mwanayo, komanso amamulanda malo amene akanathawirako. Mwana wozunzidwa ndi munthu wachilendo amathamangira kutchalitchi kukalira. Nanga wozunzidwa ndi amene amamupatsa Ukaristia, kapena mphunzitsi amene anamuphunzitsa kuchita chizindikiro cha mtanda, athamangira kuti? Ena mwa anthu otere amatha zaka osaponda pakhomo pa tchalitchi, ndipo Akhristu anzawo amafulumira kunena kuti anagwa mphwayi. Pa Mateyu 18:6 Ambuye Yesu anaika chilango cha mphero ya m'khosi pa wokhumudwitsa mwanayo. Mwana wokhumudwitsidwa sanamudzudzule ngakhale pang'ono.

Pali mawu amene amamveka achikhristu koma amagwira ntchito ya lumbiro la Maciel lija. “Musakhudze wodzozedwa wa Mulungu.” “Tingokambirana pamphakati, zisapite patali.” “Mukhululukireni, tonse ndife ochimwa.” Kukhululuka ndi mphatso imene wolakwiridwa amapereka pa nthawi yake, palibe komiti imene ingamukakamize. Ndipo ngakhale atakhululuka, wolakwayo sabwezeredwa pakati pa ana. Sakramenti la Kulapa limachotsa tchimo pamaso pa Mulungu, silifafaniza mlandu wa kupolisi. Ansembe, asisitere ndi makatekisiti ochuluka amene amatumikira mokhulupirika sataya kanthu choona chikaululika. Amene amawaipitsira mbiri ndi wobisa uja.

Lero Mpingo womwe unaletsa kukhala chete. Mu Meyi 2019 Papa Fransisko anatulutsa lamulo lotchedwa Vos estis lux mundi. Limalamula wansembe ndi wachipani aliyense kukanena kwa akuluakulu a Mpingo akadziwa kapena akakhala ndi chifukwa chomveka chokayikira kuti mwana akuchitidwa nkhanza. Dayosizi iliyonse iyenera kukhala ndi njira yodziwika yolandirira madandaulo. Woulula saloledwa kutsekedwa pakamwa, ndipo episkopi wophimba nkhani naye amafufuzidwa. Kuno ku Malawi, malamulo a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo nkhani zotere zimalandiridwa ku Victim Support Unit ya apolisi kapena pa nambala yaulere ya 116.

Lamulo lili papepala limadikira munthu woti aligwiritse ntchito, ndipo nthawi zambiri munthu woyamba kumva amakhala mayi, azakhali kapena mtsogoleri wa mphakati. Mwana sayamba ndi kufotokoza zonse. Amangoti sakufunanso kupita kukatumikira pa Misa, kapena amakana kutumidwa kunyumba ya munthu wina wake, kapena amabwera ndi ndalama ndi foni zosadziwika kumene zachokera. Kholo lomukalipira kuti ndi ulesi latseka khomo. Usiku umene Mulungu anaulula za banja la Eli, anadutsa ansembe onse a ku Silo n'kukadzutsa mwana. Kutacha Samuele anatsekula zitseko za nyumba ya Mulungu ali ndi mantha, osafuna kunena kanthu. Eli, ngakhale anali atalephera pa zambiri, m'mawa umenewo anamuitana mwanayo, anamuuza kuti asabise kalikonse, ndipo anamvetsera mpaka anamaliza.