Amene sanakuyankhe alibe nawe ngongole

Uthenga woyamba umene wotsatsa malonda amatumiza pa LinkedIn kawirikawiri umakhala waulemu. Amapereka moni, amanena dzina lake ndi kampani imene akugwirako ntchito, kenako amatchula chimene akugulitsa, kaya ndi inshulansi ya galimoto za kampani, pulogalamu yowerengera malipiro a antchito, kapena zipangizo za magetsi a dzuwa. Pamenepo palibe mlandu, kupempha si kuba. Zinthu zimayamba kupotoka pa uthenga wachiwiri. Pakatha masiku atatu kapena anayi kuli zii, mkulu uja amabweranso, koma mawu asintha: "Ndimati ndikukumbutseni za uthenga wanga uja." Wachitatu umati, "Mpaka pano simunandiyankhe." Wachinayi umabwera ndi kamadandaulo, koti zikuoneka kuti nkhaniyi simukuiwerengera. Munthu amene masabata awiri apitawo anali mlendo wopempha kuti amumvereko, lero akulankhula ngati wolonjerera ngongole. Chikhalirecho winayo sanakongole kanthu. Sanapemphe kulemberedwa, sanalonjeze kuyankha, ndipo mwina dzina la wolembayo analiona koyamba tsiku lomwelo.

Kulembanso pakokha sindikutsutsana nako. Uthenga umakwiririka pansi pa mauthenga ena, munthu amauwerenga ali pamsonkhano n'kuuiwala, wina amatsegula LinkedIn kamodzi pamwezi. Wogulitsa amene amalemba kamodzi n'kugwa ulesi amataya makasitomala amene akanamumvera. Chimene ndikukana ndi chiphunzitso chimene chafala m'maphunziro a zamalonda, chakuti kukakamira ndiye luso, ndipo wosayankha ndi munthu amene sunamutopetse mokwanira.

Chiphunzitsochi chili ndi manambala ake, amene amaikidwa pakhoma m'misonkhano ya otsatsa malonda. Amati malonda awiri okha pa 100 alionse ndi amene amatheka ulendo woyamba, pamene 80 pa 100 amatheka kuyambira ulendo wachisanu mpaka wa nambala 12. M'munsi mwake amalemba kuti zachokera ku bungwe lotchedwa National Sales Executive Association. Anthu amene anayesa kulifufuza bungweli sanalipeze, kafukufuku wakenso sanamupeze, komabe manambalawo akuyendabe chifukwa amanena zimene mabwana amafuna kumva. Ngakhale akanakhala oona, akanangotiuza kuti anthu amene anagula anayamba akambirana ndi wogulitsa maulendo angapo, ndipo zimenezo n'zosadabwitsa. Wofuna jenereta ya fakitale amafunsa mtengo, amabweranso kudzafunsa za masipeya, amaitana injiniya wake kuti aione, amanenerera, amapita kukapempha chilolezo kwa eni kampani. Maulendo asanu a anthu awiri amene akuyankhana ndi osiyana kutalitali ndi mauthenga asanu a munthu amene akulankhula yekha.

Kafukufuku amene mwini wake ndi wodziwika amanena zina. Mu 2021, Pulofesa John Dawes wa ku Ehrenberg-Bass Institute, mumzinda wa Adelaide ku Australia, analemba pepala limene linatuluka mogwirizana ndi B2B Institute ya LinkedIn yomweyo. Masamu ake ndi osavuta. Makampani amasintha banki kapena maloya awo pafupifupi kamodzi pa zaka zisanu. Ndiye kuti pachaka, kampani imodzi mwa zisanu ndi imene ikufunafuna wina woti agwire nayo ntchito, ndipo pa miyezi itatu iliyonse ndi makampani asanu okha pa 100. Otsalawo, 95 pa 100, panopa alibe nazo ntchito, ngakhale uwalembere mokoma chotani. Dawes mwiniwake anati nambalayi ndi yongothandiza kuganiza, koma mfundo yake ndi yolimba: ambiri mwa anthu amene akhala chete sananyansidwe ndi uthenga wako, nthawi yawo yogula ndi imene sinakwane. Mauthenga asanu otumizidwa m'masabata awiri onse amagwera m'nyengo imodzi yomweyo imene munthuyo safuna kanthu, ndipo chimene amamusiyira n'chakuti dzina lako aziliona ndi diso lotopa.

Kwathu kuno zifukwa zokhalira chete zimachulukirapo. Woyang'anira zogula ku unduna kapena ku kampani ya boma sangagule kanthu chifukwa choti walandira uthenga wabwino. Pali malamulo a kagulidwe ka katundu wa boma amene bungwe la PPDA limayang'anira, pali komiti, pali tenda, ndipo pali chaka cha ndalama za boma chimene kuyambira mu 2022 chimayamba pa 1 Epulo. Ku bungwe lothandiza anthu, ndalama imabwera itamangiriridwa kale ku pulojekiti yake. Ku kampani yoima payokha, mkulu amene ukumulembera za pulogalamu yatsopano ya pakompyuta mwina akhala miyezi akudikira ndalama zakunja ku banki kuti aombole katundu amene ali ku Beira. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabajeti ambiri anasokonekera usiku umodzi. Munthu wotereyu ukamukumbutsa kachitatu kuti sanakuyankhe, umangoonetsa kuti dziko limene akugwiramo ntchito sukulidziwa.

Eni ake a LinkedIn amazindikira kuti chuma chawo chagona pa anthu amene amatsegulabe mauthenga awo. Microsoft inalipira madola 26.2 biliyoni mu 2016 pogula kampaniyi, ndipo singalole kuti anthu ayambe kuthawa mauthenga awo. N'chifukwa chake kulembera munthu amene simunalumikizane naye, kudzera mu InMail, n'kolipira ndiponso kuli ndi malire: wolipira pulogalamu yawo ya Sales Navigator amapatsidwa mauthenga 50 pamwezi. Pali kalamulo kena kamene ndimakakonda. Wolandirayo akayankha pasanathe masiku 90, wotumiza amabwezeredwa mwayi wake wotumiziranso wina, ngakhale yankholo likhale lokana. Apa LinkedIn ikunena poyera kuti "ayi" ndi yankho laphindu. Kuyambira mu 2021 anachepetsanso mapempho olumikizana amene munthu angatumize, kufika pafupifupi 100 pasabata, ndipo malamulo awo amaletsa mapulogalamu otumiza okha mauthenga m'dzina la munthu.

Mapulogalamu amenewa alipobe, ndipo ndi amene aipitsa uthenga wachiwiri. Wogulitsa amalemba mauthenga asanu kamodzi kokha, makina n'kumaikamo mayina ndi kutumiza pa masiku oikika. Mu 2022, Renée DiResta ndi mnzake wa ku Stanford Internet Observatory anapeza maakaunti a LinkedIn oposa 1,000 okhala ndi nkhope zopangidwa ndi kompyuta, ambiri mwa iwo ntchito yake kusaka makasitomala. Kutumiza kwatsika mtengo mpaka kufika poti n'kwaulere, koma kuwerenga kukudyabe nthawi ya munthu ndi bandulo yake. Wolandira akazindikira kuti chikumbutso chimene chamudodometsa pa ntchito sichinamutengere wotumiza ngakhale mphindi imodzi, ulemu wonse umathera pomwepo. Ndipo kuno anthu a ntchito za m'maofesi ndi ochepa, amadziwana. Mkulu wa zachuma amene wamuvutitsa pa LinkedIn ndi yemweyo udzakumane naye ku msonkhano wa bungwe la akauntanti la ICAM ku Mangochi, ku chionetsero cha zamalonda ku Chichiri, kutchalitchi kapena pamaliro. Kumeneko sudzanena kuti anali makina.

Ena akaona kuti pa LinkedIn sakuyankhidwa amasaka nambala ya foni kapena imelo ya munthuyo n'kumutsata pa WhatsApp, nthawi zina usiku kapena Lamlungu. Kumeneku ndi kulowerera, ndipo m'maiko ena lamulo limaletsa. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amagulitsako ntchito zawo, gawo 69 la lamulo la POPIA limati munthu amene si kasitomala wako ungamufikire kamodzi kokha kudzera pa imelo, SMS ndi njira zina zotere, ndipo kamodziko n'kopempha chilolezo chomutsatsira malonda. Ku Ulaya, lamulo la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, limapatsa munthu ufulu wokana kutsatsiridwa malonda nthawi ina iliyonse, ndipo akakana nkhani yatha. Malawi nalo linakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, mu 2024. Nambala ya munthu ikapezeka pa intaneti sindiye kuti yasanduka ya aliyense.

Muyezo umene ine ndimaukhulupirira ndi woti uthenga wachiwiri uzimudyera nthawi wolemba kuposa wowerenga. Ngati mulibe chatsopano, usatumizidwe. Chatsopanocho chizichokera ku moyo wa kampani imene ukuilembera. Mwina yalengeza kuti ikutsegula nthambi ku Mzuzu ndipo idzafuna magetsi odalirika kumeneko. Mwina MRA yasintha kawerengedwe ka msonkho wa PAYE ndipo pulogalamu yako yakonzedwa kale motsatira kusinthako. Mwina bwanayo analemba yekha pa tsamba lake kudandaula za kuchedwa kwa katundu pachipata cha Mwanza, ndipo iwe uli ndi njira imene inathandiza kampani ina pa vuto lomwelo. Kupeza zimenezi kumafuna kuwerenga, ndipo munthu mmodzi sangachitire zotere anthu 300 pasabata. Zimenezo n'zabwino, chifukwa zimakukakamiza kusankha anthu ochepa amene katundu wako angawathandizedi.

Kalembedwe nakonso kali ndi gawo lake. Mauthenga okoperedwa kwa aphunzitsi a ku America amayamba ndi dzina loyamba la munthu, lopanda "a", lopanda "Bambo" kapena "Mayi", ngati munakulira limodzi. Kumeneko n'chizolowezi chawo. Kuno mkulu wa kampani wa zaka 60 akatchulidwa dzina choncho ndi mwana amene sanamuonepo, amatseka uthengawo asanafike pa mzere wachiwiri, ngakhale utalembedwa m'Chingerezi chosalala.

Chovuta kwambiri n'chakuti ife kukana maso ndi maso kumativuta. Timati "tiona", timati "ndikuuzani", timati "tikambirana ndi anzanga", ndipo nthawi zambiri kumeneko n'kukana kwaulemu, kosafuna kumuchititsa manyazi wopemphayo. Wogulitsa amene amatenga "tiona" ngati lonjezo n'kumabwera Lolemba lililonse amamuika mnzake pakona, mpaka winayo amayamba kunama kapena amangomubuloka. Wogulitsayo ndi amene ayenera kutsegula njira yotulukira. Angalembe kuti: "Bwana, ngati zimenezi sizili m'mapulani anu chaka chino, mungondiuza, sindikuvutitsaninso. Ngati pali mwezi umene mumakonza bajeti, ndiuzeni ndidzakupezeni nthawi imeneyo." Mawu amenewa amamupatsa munthu mpata wokana popanda kuoneka wamwano. Akati mubwere mu Febuluwale, ubwere mu Febuluwale. Akati ayi, ulembe pamalo pamene anzako akuntchito angaone, kuti mnyamata watsopano amene adzalembedwe ntchito chaka chamawa asadzayambirenso pa uthenga woyamba. Akakhalabe chete pambuyo pa uthenga wachiwiri kapena wachitatu wotere, musiye, uzingolemba zinthu zothandiza pa tsamba lako kuti tsiku limene adzafune katunduyo dzina lako lidzamubwerere popanda chowawa.

Ndikudziwa chimene wotsatsa malonda angandiyankhe, ndipo sindikuchipeputsa. Malipiro ake ndi a komishoni, lendi ikudikira, fizi ya ana ikudikira, ndipo Lachisanu lililonse abwana amafunsa kuti watumiza mauthenga angati. Munthu amachita chimene akuwerengeredwa. Choncho mbali yaikulu ya mlanduwu ili kwa oyang'anira amene amawerenga mauthenga otumizidwa chifukwa ndi osavuta kuwerenga, osafunsa kuti ndi anthu angati amene anayankha, angati anavomera kukumana, ndiponso angati anabuloka wantchito wawo. Nambala yomalizayi sioneka mu lipoti lililonse, koma ndi imene ikudya dzina la kampani.

Chimene chimandipweteka n'chakuti khama lonseli limathera pa alendo, pamene anthu amene anapempha okha thandizo akudikira. Funsani aliyense wogwira ntchito yogula katundu pa kampani kapena pa bungwe. Amapempha kotesheni Lolemba, wogulitsa amati "lero lomwe, bwana", ndipo pofika Lachinayi wogulayo ndi amene akuimba foni kukumbutsa. Apa m'pamene pali ngongole yeniyeni, ndipo wokongola ndi wogulitsayo. Munthu amene anayankha uthenga wako, amene anakupatsa mphindi 20 pafoni, amene anati unditumizire mitengo, ameneyo kumulondola ndi udindo wako, ndipo sangadandaule ukamufunsa ngati pepala lafika ndiponso ngati pali chimene sichikumveka. Wogula uja akufuna makotesheni atatu pofika Lachisanu kuti apite nawo ku komiti, ndipo amene watumiza yake Lachitatu, italembedwa bwino mtengo, VAT ndi tsiku lobweretsa katundu, ndi amene dzina lake limalowa m'faelo.