Anyamata athu tawasiyira yani?

Ndine mlangizi mu mpingo wa CCAP kuno kwa Kaomba, ndipo ntchito yanga ndi ya atsikana. Mtsikana akatha msinkhu, mayi ake amabwera kudzatiuza, ife alangizi timakhala naye pansi n'kumuuza za thupi lake, za ulemu, ndi za Mulungu amene anamulenga mkazi. Chilangizo chimenechi cha Sinodi ya Nkhoma chinakhazikitsidwa kuti chilowe m'malo mwa chinamwali cha kumudzi. Isabel Apawo Phiri, m'buku lake la 1997, anafotokoza mbiri ya chilangizochi, osabisa ndi zofooka zake zomwe. Zofookazo zilipo ndithu, komabe mtsikana wathu amadziwa khomo loti agogode usiku zinthu zikamuvuta.

Nanga mlongo wake?

Pa malamulo, chilangizo cha anyamata chilipo. Koma pa mpingo wathu nthawi zambiri chimathera pa tsiku limodzi, mkulu wa mpingo atawerenga zoletsa: mowa ayi, atsikana ayi, kudambwe ayi. Mnyamata akalowa gule timamudula. Mpingo unalondola kukana zina za kudambwe, ndipo sindibweza mawu. Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti kumeneko mwana amapatsidwa phungu, munthu wamkulu womutchula dzina, wogona naye kutchire, woyankha mlandu mwanayo akalakwa. Ife tinachotsa phunguyo, m'malo mwake tinaikapo kwaya ndi mpira wa Loweruka. Zabwino zonsezo, koma mpira sufunsa mwana kumene anagona dzulo.

Chikhulupiriro chingamere pa kuletsa kokha? Ine ndikuti ayi. Eli anadzudzula ana ake ndi pakamwa, zinthu zitaonongeka kale. Paulo anamutenga Timoteo n'kuyenda naye maulendo, mpaka kumulangiza za m'mimba mwake modwaladwala. Munthu amaphunzira kuopa Mulungu poona msana wa amene akumutsogolera.

Kuno chaka cha mnyamata chimayendera fodya. Dzinja lonse ali m'munda, kenako m'chigafa, manja akuda bii ndi utomoni, kusoka ndi kusankha magiredi. Mabelo akagulidwa ku Chinkhoma, kandalama kamagwa m'thumba mwake, ndipo amene amamulandira pamsika ndi ogulitsa kachasu ndi a juga. Ana a anthu obwera kudzagwira ntchito m'maesiteti ndiye sitiwadziwa n'komwe, poti makolo awo sali m'kaundula wathu. Lamulo la dziko kuyambira 2017 likuti mwana asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Ife timalalikira zimenezi kwa atsikana okhaokha, chikhalirecho mimba zambiri zimene timaweruza kubwalo la mpingo ndi za anyamata omwewa.

Abambo a mumpingo, inu akulu ndi atumiki, ntchito iyi ife amayi sitingaigwire, pakuti pali mawu amene mnyamata sangawamve kwa ine. Aliyense wa inu atenge anyamata awiri, mmodzi akhale wa kuesiteti. Muwatsatire kuchigafa komweko, mudye nawo, ndipo tsiku lokagulitsa fodya mupite nawo limodzi.